Mapulagi a Kudzala

Makina osokera zana limodzi ndi makumi awiri sangalowe m'thumba la malaya, koma lipoti lomwe Sajeni analipeza pa tebulo lake Lachitatu m'mawa linalembedwa ngati kuti munthu mmodzi anangowasenza ngati mtolo wa nkhuni. Munthuyo anali kale m'chitokosi. Anali makaniko wa pa fakitale yosoka mathalauza, bambo wa imvi za patalipatali, amene aliyense ankangowatchula kuti a Sipanala. Lachisanu ankayenera kukaonekera kukhoti. Pamwamba pa failo, mkulu wa polisi anali atalemba ndi inki yofiira kuti nkhaniyi ithe msanga, poti eni fakitalewo ndi alendo obweretsa chuma m'dziko.

Sajeni sanali munthu wa phuma. Anzake ankamuseka kuti akamafufuza nkhuku yobedwa, imayamba yaikira mazira kwa wakubayo, n'kuswa, anapiye n'kukula. Anawerenga lipotilo kawiri. Fakitale inatsekedwa kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba kuti apoperemo mankhwala a mphemvu. Lachiwiri atatsegula anapeza mulibe makina ndi amodzi omwe. Loko sanathyoledwe. Makiyi a holo yosokeramo anali ndi anthu awiri okha, manijala wochokera kunja ndi a Sipanala. Mboni ya a Sipanala kuti masiku onsewo anali pakhomo inali mkazi wawo yekha.

M'chitokosi munkanunkha chidebe chosatayidwa kuyambira dzulo. A Sipanala anakhala pakona, manja awo akuda ndi girizi wa zaka zambiri atawasanjika pa maondo. Sanalire, sanalumbire. Sajeni atalowa, anangomufunsa kuti akubawo anasiya pansi pa holo yosokeramo pali potani.

Sajeni anati sanafikeko, ndipo anafunsa chifukwa chake pansi pankawadetsa nkhawa kuposa ndende.

"Makina aja ali ndi kabeseni ka mafuta kunsi kwake, bwana," anatero a Sipanala. "Munthu wowadziwa sawasuntha asanakhetse mafutawo. Mukakapeza pansi pouma, bwerani mudzandimange kawiri."

Kenako anafotokoza mmene makinawo anabwerera zaka zisanu zapitazo. Pa mwambo wotsegulira fakitale ananena kuti ndi atsopano, koma iwo powamasula m'mabokosi anapeza kunsi kwa matebulo kuli chingamu chouma, mayina olembedwa ndi msomali m'zilembo zachilendo, ndiponso pa tebulo lina panamatidwa chithunzi cha kamwana kovala yunifolomu ya sukulu. Anali makina oyendayenda. Anali atasokapo kale m'maiko awiri, atakalambitsa misana ya azimayi ena, asanafike kuno.

*

Pa geti la fakitale panali azimayi oposa zana atakhala m'mphepete mwa ngalande momwe munkayenda madzi a utoto wabuluu, onunkha ngati mazira ovunda. Anauzidwa kuti ntchito iyambiranso apolisi akapeza makina, ndiye ankabwera m'mawa uliwonse kudzadikira. Ataona Sajeni anamuzungulira. Mayi wina wamtali, kapitawo wa mzere woyamba, anati akamumenye wakubayo mpaka aulule, chifukwa ana awo sadya failo. Wina anaonjezera kuti mkazi wa a Sipanala asayerekeze kuoneka pa mpope. Anali atamuphwanyira kale ndowa dzulo lake.

Mkati anamulandira mkulu woona za antchito, mwana wa dziko lomwelino, amene azimayiwo ankamutcha Tayi chifukwa sankavula tayi ngakhale kutentha kukhale kowotcha. Anati manijala anakwera ndege Lachiwiri masana kupita ku msonkhano wa ku likulu la kampani, ali wosweka mtima. Anayankhula ngati wailesi. Anati anthu akuno sayamika. Kampani inasiya kwawo n'kudzamanga kuno, inalemba anthu mazana awiri, inawaphunzitsa kusoka, ndiye malipiro ake ndi amenewa.

Sajeni anafunsa chimene chinaikoka kampaniyo kuti isiye kwawo. Tayi anasangalala nalo funsolo. Anawerenga pa zala zake zonenepa: kuno manja ndi otchipa, mayi wosoka tsiku lonse amalandira zomwe wa kwawoko amalandira pa ola limodzi, boma linawalola kulowetsa makina osalipira kanthu pa chipata cha dziko, mathalauza osokedwa kuno amalowa m'misika ya maiko olemera popanda msonkho, ndipo kampaniyo inapatsidwa zaka zisanu zosakhoma msonkho uliwonse.

"Zaka zisanuzo zikutha liti?"

Tayi anakonza tayi yake, n'kunena kuti zimenezo ndi za ku likulu.

Holo yosokeramo inali mbee, ngati tchalitchi chosiyidwa. Sajeni anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabowo a mabawuti. Pakhoma panali chikwangwani chonena kuti kuchimbudzi n'kawiri pa tsiku, ndipo kiyi akapemphe kwa mkulu woona za antchito. Anachiwerenga mpaka pansi. Kenako anaterereka, pang'onong'ono kugwa chagada. Pansi ponse panali mafuta, oyera ngati madzi, mizeremizere kulowera ku khomo lalikulu lokwezera katundu. Anagwada, n'kupaka chala, n'kununkhiza.

Tayi anati izo zikungoonetsa kuti wakubayo anali pa changu.

Sajeni analoza makhoma. Pa malo a makina aliwonse panali soketi ya mabowo atatu, zonse zili bwinobwino, palibe yozulidwa. Anafunsa ngati fungo la mankhwala a mphemvu limatha msanga chonchi. Pomwepo mphemvu yaikulu inatuluka mu bowo la bawuti, n'kudutsa pa nsapato yonyezimira ya Tayi mosatekeseka.

*

Sajeni anapeza mlonda wa fakitale m'kanyumba ka pa geti akusoka nsapato yake ndi waya. Anali munthu wa mawu ambiri opanda mutu. Anayamba ndi za bondo lake, n'kupita ku za yunifolomu yomwe sanapatsidwe chaka chino, kenako n'kulumbira pali mayi ake kuti iye sanaone kanthu, sanamve kanthu, ndipo ngakhale akanaona sakanaona.

Sajeni anamusiya atope yekha, kenako anafunsa kuti Loweruka anali kuti.

Apo mlonda anatsitsa mawu. Anati Lachisanu madzulo a Tayi anamuuza kuti mankhwalawo ndi oopsa kwa munthu wa chifuwa, apite akapume masiku atatu, pa geti pakhala alonda a kampani ina. M'zaka zisanu sanapatsidwepo tchuthi ngakhale pa maliro a mlongo wake, ndiye anadabwa kuti chifuwa chake chayamba liti kukondedwa.

"Alondawo anali a kampani iti?"

"Ine ndi ndani kuti ndifunse, bwana? Ndinangovala chipewa changa." Anabaya waya mu nsapato, n'kunena osadzutsa mutu: "Koma mukanafunsa mayi wosesa uja. Lachiwiri anatuluka ndi thumba lolemera, ndipo ine sindinamusechere. Ndinali ndi bondo."

*

Mayi wosesa ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa malo ogulitsira matabwa. Ataona yunifolomu pakhomo anakhala pansi mwadzidzidzi. Anayamba kupepesa asanafunsidwe. Anati iye si wakuba, zinthuzo anazitola kudzala, ndipo chomwe chatayidwa kudzala chilibe mwini. Akanadziwa kuti zibweretsa apolisi akanazisiya ziole.

Anakoka thumba kunsi kwa bedi n'kulikhuthula pa mkeka. Anali mapulagi a magetsi, akuda, a mano atatu, mulu wonse. Sajeni anatola imodzi. Sinadulidwe ndi mpeni. Inamasulidwa bwinobwino ndi sikuludiraiva, tizitsulo take tomangira n'kubwezeretsedwa m'malo mwake. Anawerenga mpaka zana limodzi ndi khumi ndi asanu ndi atatu. Mayiyo anaulula kuti awiri anagulitsa kale kwa wokonza mawailesi.

Anafunsa ngati kudzalako kunalinso china.

"Timabokosi, achimwene. Tambirimbiri, topanda kanthu. Ndinatenga kuti ndizikolezera mbaula."

Anatulutsa kamodzi kotsala, kopsa mbali imodzi. Panali chithunzi cha pulagi yoyera ya mano awiri obulungira. Sajeni anayang'ana soketi ya pakhoma la mayiyo, ya mabowo atatu ngati ya nyumba iliyonse m'dziko muno. Anakayang'anitsitsa kabokosiko nthawi yaitali moti mayiyo anafunsa ngati amumanga lero kapena mawa, kuti adziwe kosiya ana.

Anamuuza kuti palibe womumanga, koma thumbalo alibwereka.

*

A Sipanala ataona pulagi ija anaitembenuza m'manja ngati munthu woona mwana wake wotayika. Analoza kadontho ka penti yofiira kunsi kwake. Anati onsewo anawamanga okha, imodziimodzi, sabata yomwe makina anafika, chifukwa anabwera ndi mapulagi a dziko lina osalowa m'masoketi akuno. Kadonthoko ankaika posonyeza kuti ayesa, ili bwino.

Sajeni anawaonetsa kabokosi kopsa kaja. Anafunsa kuti wakuba wofuna kugulitsa makina kwa matelala a m'tauni muno angachotse pulagi yolowa pakhoma n'kuikapo yosalowa chifukwa chiyani.

A Sipanala anakayang'ana kabokosiko, nkhope yawo n'kugwa pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti akupita," anatero. "Achita zomwe anachita kumene anachokera kuja. Kungoti ulendo uno mapulagi asinthiratu konkuno, kuti akangofika kumene akupitako ayambe kusoka."

Sajeni anali ataganiza zomwezo. Kampani yotseka mwa kufuna kwake imayenera kuchenjeza antchito, kuwalipira ndalama zosiyira ntchito, ndi kufotokozera boma za makina omwe analowa mwaulere. Kampani yoberedwa imangopatsidwa pepani. Chinkafunika ndi wakuba basi, makamaka wokhala ndi kiyi. Koma kuganiza si umboni, ndipo Lachisanu linali mkuja. Makina ochuluka chotero satuluka m'dziko m'chikwama. Anafunsa kuti mathalauza a fakitaleyo ankakwezedwera kuti.

*

Lachinayi m'mawa anafika pa bwalo la kampani ya mathiraki, kunja kwa tauni, kumene makontena amadikirira ulendo. Kalaliki wa pamenepo, munthu wouma ngati chingwe, anati fakitale ya mathalauza ili ndi makontena atatu onyamuka Loweruka, onse omatidwa chidindo cha a kasitomu oona za katundu wotuluka m'dziko, ndipo wapolisi wamba alibe mphamvu yowatsegula. Mapepala ankati muli mathalauza osokedwa kale.

Sajeni anati sakufuna kutsegula, akungofuna kuwaona.

Woyendetsa makina onyamulira makontena anamuperekeza, akutafuna nzimbe. Iyeyo sanafunikire kukakamizidwa. Anati wakhala akukweza mathalauza a fakitale imeneyo zaka zisanu, ndipo amawadziwa kulemera kwake ngati mmene mayi amadziwira mwana wa kumsana. Awa atawanyamula Lamulungu, matayala akumbuyo anatsala pang'ono kunyamuka.

"Ngati ndi mathalauza, bwana, ndiye kuti ovala ake ali momwemo."

Makontenawo anali kumapeto kwa bwalo, padzuwa. Kunsi kwa chitseko cha yapakati, fumbi linali lonyowa. Sajeni anagwada, n'kudikira. Dontho linatuluka pa kona, loyera ngati madzi, n'kugwera pa chala chake. Ananunkhiza. Linali fungo lomwe lija la mu holo.

*

Sajeni anapeza Tayi mu ofesi akudya yekha chitseko chili chotseka. Sajeni anaika pa tebulo pulagi yakuda, kabokosi kopsa, ndi kabotolo ka fumbi lonyowa ndi mafuta. Sanakweze mawu. Anafotokoza chimodzichimodzi ngati mphunzitsi wobwereza phunziro kwa mwana wosamva msanga, ndipo anamaliza ndi kunena kuti dzina lomwe lili pa lipoti la bodza lonamizira munthu si la manijala. Manijala sanasaine paliponse. Wosaina anali Tayi.

Poyamba Tayi anaopseza kuti aimbira anthu akuluakulu. Kenako anati iye anangotumidwa. Pomaliza, thukuta likutsikira mu kolala, anaulula kuti wamagetsi wosintha mapulagi anakamupeza iye mwini ku msika, amuna onyamula anawatenga pa siteji, ndipo dzina la a Sipanala analisankha iye chifukwa makanikoyo anali ndi kiyi, komanso ankavuta, ankangokhalira kunenera azimayi za chimbudzi. Anati manijala anamulonjeza kuti amutenga akakhale mkulu ku fakitale yatsopano, kudziko kumene boma langolengeza zaka khumi zopanda msonkho, ndipo manja ndi otchipa kuposa kuno.

Sajeni anafunsa ngati tikiti ya ndege anaiona. Tayi anati ikubwera. Anafunsanso ngati manijala wayankha foni chichokereni. Tayi anangoweramira mbale yake.

Sajeni anaimirira. Anali atagwirapo akuba a mitundu yonse, ena okhala ndi mipeni, koma sanamvepo kufuna kusamba m'manja ngati mmene anamvera potuluka mu ofesi imeneyo.

*

Mkulu wa polisi anamvetsera zonse akusewera ndi cholembera chake chofiira. Kenako anatuluka kukaimba foni panja, ndipo anakhalako nthawi yaitali. Pobwera anali ndi nkhope ya munthu womeza mankhwala owawa. Anati makontena sakhudzidwa. Akuluakulu akuti dziko likamveka kuti limagwira katundu wa obweretsa chuma, ena omwe akukambirana nawo athawa. Za Tayi aziona bwino mtsogolo. Koma makaniko atuluke lero lomwe, ndipo kalata yake inali itabwera kale kuchokera kwa loya wa kampani.

Sajeni anaiwerenga. Inkati kampani, mwa chifundo chake, yamukhululukira wantchito wake ndipo yachotsa dandaulo.

Sajeni anati munthu wokhululukidwa ndi amene walakwa. A Sipanala akatuluka ndi pepala ili, azimayi aja akawaotchera nyumba, ndipo palibe telala m'tauni muno adzawapatsenso makina kuti akonze. Mkuluyo anayankha kuti Sajeni wapempha mkate, wapatsidwa mkate, asafunsenso batala. Anamukumbutsanso kuti kumalire a dziko kuli kapolisi kena kosowa sajeni, kopanda madzi ndi magetsi.

Sajeni anatenga kalatayo, n'kupita kukatsegula chitokosi. A Sipanala anaiwerenga pang'onopang'ono, kenako anaibweza.

"Andikhululukira chiyani, bwana?"

Sajeni anaipinda kalata ija, n'kuilowetsa mu failo. Pa fomu yotulutsira munthu, pa mzere wa chifukwa, analemba ndi dzanja lake kuti katunduyo sanabedwe, anachotsedwa ndi eni ake. Anasaina, anadinda, n'kuwauza a Sipanala kuti asanapite kwawo adzere limodzi pa geti la fakitale.

Azimayi atawaona akutsika m'galimoto la polisi opanda unyolo, anaimirira onse nthawi imodzi. Wina anatola mwala. Sajeni anakhuthula thumba la mapulagi pansi patsogolo pawo, n'kunena zonse mwachidule, mwa mawu ake osakwera aja: za mankhwala a mphemvu omwe sanapoperedwe, za mlonda wopatsidwa tchuthi, za makontena atatu odontha mafuta, ndi bwalo lomwe ali, ndi tsiku lomwe anyamuke. Sanawauze chochita. Ankadziwa kuti pofika madzulo mkulu wake amva, ndipo anali atayamba kale kuganiza za momwe akamuuzire mkazi wake za kumalire.

Mwala uja unagwera mu ngalande. Kapitawo wamtali uja anayandikira a Sipanala, maso ali pansi, n'kunena kuti ndowa ya mayi akunyumba aigula mawa. Kenako anafunsa funso lomwe onse anali nalo, koma analifunsa kwa a Sipanala, osati kwa wapolisi, poti ndi iwo ankawauza nthawi zonse ngati makina adzuka kapena afa.

"Ndiye ntchito tiyamba liti, bambo?"

A Sipanala anayang'ana azimayi onsewo, ambiri a iwo a msinkhu wa ana awo.

"Palibenso ntchito pano, ana anga," anatero. "Kaya mukhala pompano, kaya mupita kwanu."

Kapitawo anamanga nsalu yake m'chiuno mwamphamvu, n'kufunsa Sajeni kuti ku bwalo la mathiraki kuja munthu woyenda pansi amadzera msewu uti.